Mankhwala Obiriwira a Apongozi

Lolemba, 9 Juni

Naima wapita. Lole ya nsomba ya m'mawa, anamukhazika kutsogolo chifukwa cha mimbayo. Adokotala anati popeza Yasmin anabadwa ndi opaleshoni, uyu akadikirire ku boma, ku Mangochi. Msewu wathu wa Makanjira si woudalira tsiku la mavuto. Kuchipatala amafuna womudikirira, ndiye wapita ndi mng'ono wake Awa. Pakhomo pano sipanatsale mkazi wamkulu woyenda ndi miyendo yake.

Wandisiyira awiri. Yasmin, wa zaka zinayi. Ndi amayi ake, Abiti Sadik, apongozi anga, ali chigonere m'chipinda chakumadzulo. Khansa. Ya kumalo a azimayi, sindinafunse zambiri. Kuchipatala anawatulutsa mwezi watha, akuti yafalikira, palibe choti n'kudula.

Pokwera lole anati: "Mankhwala a amayi osaphonya, bambo a Yasmin. Ululu uja ukadzuka sugonanso." Ndinavomera. Sindinamufunse kuti ndiziwapatsa bwanji. Iyenso sananene. Tonse tikudziwa kuti m'chipindamo ine sindilowa.

Chibwerereni pa chikamwini pano, nkhope ya apongozi sindinaiyang'anepo bwinobwino. Tikakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana: "Yasmin, uwauze bambo ako denga likudontha." Ine ndili pomwepo, ndikumva. Kuyankha kwanganso kudzera kwa Yasmin. Ulemu wake ndi umenewo. Katani ya pachitseko chawo ndinasoka ndine, koma sindinaikankhepo.

Idi yadutsa, zosoka zatha. Makina angokhala pakhonde. Ufa ulipo, ndiwo ndiye kaya.

Lachiwiri, 10 Juni

Anabwera a Nesi Edith pa njinga yamoto, a gulu lija loyendera odwala osachira m'makomo. Kamodzi pa sabata. Abweretsa botolo lina la mankhwala amadzi, obiriwira aja. Mofini. Andionetsa pakhonde pompano. Jekeseni yopanda singano, kukoka mpaka pa mzere umene aulemba ndi inki yakuda, kuthira m'kapu. Maola anayi alionse, ngakhale asakubuula. Anati: "Si ochiritsa awa, a Latif. Ndi oti amayi azitha kugona, kumwa phala, kuswali, kuseka ndi mdzukulu wawo." Botolo likhale pamwamba, poti mwana asafike. Ndalipachika pa mtanda wa denga, m'thumba la ulusi.

Anandifunsa kuti aziwamwetsa ndani Naima kulibe. Ndinati anthu alipo. Manyazi.

Anthu ake ndi mayi Mariya basi, a kuseri kwa tchalitchi, odzipereka a gulu lomwelo. M'mawa, madzulo, ndi pogona. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kusintha nsalu, kuwamwetsa. Masana ali ku mathandala kuyanika usipa wa anthu, nawonso ana awo adye. Ndiye a teni koloko ndi a thu koloko atsalira ine. Lero awamwetsa a Nesi. Mawa kaya.

Lachitatu, 11 Juni

Ndayesa. Kapu pa mbale, mbale pansi, n'kuikankhira kunsi kwa katani ndi ndodo yanga yoyezera nsalu. Ndinakhosomola kuti adziwe. Ndinamva mphasa ikulira, akudzikoka. Kenako kapu gubudu. Madzi obiriwira anatulukira kunsi kwa katani mpaka pa chala changa cha kuphazi. Ndinangoima ngati chitsa. Iwo kupumira m'mwamba basi.

Botolo limodzi, mankhwala otayika pansi. A Nesi ndidzawauza chiyani akadzaona kuti latsika msanga?

A thu koloko ndinatuma Yasmin. Manja awiri, pang'onopang'ono, osataya. Ndinamuuza kuti kapu ibwere yopanda kanthu, apo ayi ndikwiya. Anabwera nayo yopanda kanthu. Akuti anganga, agogo akewo, akuti ndi owawa, koma amwa. Alhamdulillah. Njira yapezeka.

Lachinayi, 12 Juni

Ndawathirira shuga ndi tiyi pang'ono m'kapumo kuti kuwawa kuchepe. Shuga wa Yasmin wa m'phala, koma basi.

Mayi Mariya anakhalako pang'ono pakhonde akupukuta manja. Akuti ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, zaka zija anthu ankatha ndi matenda aja, mapilitsi otalikitsa moyo asanabwere. Analibe kanthu. Beseni, sopo, panado. Magolovesi kunalibe, ankavala majumbo a shuga m'manja. Kuchipatala wodwala akalephereka ankangomuuza kuti kayesereni kumudzi, basi, osamuonanso. Ena abale ankawamangira kakhumbi kuseri kwa nyumba, phala n'kumawasiyira pakhomo. Iwo ndi anzawo awiri ndi amene ankalowa m'makhumbimo. Anati: "Tinkangowagwira dzanja mpaka atasiya kukuwa. Botolo lanulo tikanakhala nalo nthawi imeneyo!"

Sakudziwa za Yasmin ndi kapu. Akuganiza kuti masana amabwera mayi wa nyumba yoyandikana nafe. Sindinawakonze.

Zosiyira phala pakhomo zija zandikhala pamtima. Koma zanga si zimenezo. Zanga ndi ulemu.

Lachisanu, 13 Juni

Ijumaa. Titatuluka mu mzikiti a mjomba Jaffalie anabwera nane kunyumba. Achimwene awo a apongozi, eni mbumba. Analowa, anakhalamo pang'ono, anatuluka atagwira mphuno ndi kofia. Sakuwakonda mankhwalawa. Akuti ndi omalizitsa munthu, boma limapereka kwa amene lawataya.

Andiuza kuti ndikonzeretu nsalu ya sanda, popeza telala ndine. Yoyera, isadzasowe tsiku lake. Munthu akupuma kuseri kwa khoma, ife tikukamba za sanda yake motsitsa mawu.

Ndinayesa kuwafunsa mozungulira. Ndinati bwanji tsiku lina akagwa pamphasa masana, pakhomo pali ine ndekha? Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. Anati: "Malo a mkamwini ndi pakhonde. Chemwali anga zonse zawathera, chawatsalira ndi ulemu. Musawavule umenewonso."

Ndamva.

Loweruka, 14 Juni

China chake sichili bwino. Kapu ikubwera yopanda kanthu koma kubuula kwabwerera. Kunayamba dzuwa litapendeka. Si kukuwa ayi, amadziletsa chifukwa akudziwa kuti ndili pakhonde. Amaluma nsalu. Zimamveka ngati mbuzi yomangidwa pakhosi. Ndinapalasa makina opanda nsalu kuti ndisamve. Singano yathyoka. Yotsala imodzi.

Yasmin wagona masana pa mulu wa zidutswa. Mwana uyu sagona masana chibadwire. Mwina mwera, kwazizira kwambiri, maboti onse ali kumtunda. Mwina kusowa amayi ake.

Naima anaimba. Miyendo yatupa koma akuti ali bwino, akugona pansi ndi azimayi ena ambiri. Anafunsa za amayi. Ndinati akumwa bwinobwino. Si bodza. Kapu ndimaiona ndekha.

Lamlungu, 15 Juni

Chimodzimodzi. Masana onse kubuula. Mayi Mariya akawamwetsa madzulo amakhala phee mpaka m'mawa. Anga a masana ndiye ngati madzi. Kodi ndikukoka molakwika? Ndayang'ana mzere uja kangapo. Ndi womwewo. Kapena shuga akupha mphamvu ya mankhwala?

Yasmin wasanza phala. Akungokanda mphuno, kuchimbudzi sanapite chiyambire dzana. Thupi silikutentha. Ngati ndi malungo ndiye ndatha, ndinyamula uyu kusiya uyo?

Mayi Mariya anati matendawa akamakula mankhwala amafuna kuwonjezera. Anaimbira a Nesi pa foni yanga, mayunitsi onse athera pomwepo. A Nesi akuti kuyambira mawa ndizikoka mpaka mzere wachiwiri, ndipo abwera Lachiwiri kudzaona okha.

Lolemba, 16 Juni

Mzere wachiwiri. Owawa kwambiri tsopano, ndawonjezera shuga. A teni koloko apita. Kubuula kwachepako pang'ono, osati kwenikweni. Tione a thu koloko.

Lachitatu, 18 Juni

Ndilembe momwe zinayendera.

Lolemba, a thu koloko aja. Ndinatuma Yasmin monga mwa masiku onse. Kapu inabwera yopanda kanthu. Ndinakhala pa makina, wina anabweretsa thalauza lofupikitsa. M'chipinda kubuula osaleka, mpaka kukuwa kumene, koyamba. Ndinaitana Yasmin kuti akawaone. Zii. Ndinaitananso. Ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe, atagona chammbali pa dothi. Nyerere pa diresi, pachifuwa apa, pamene panadonthera zotsekemera. M'mbali mwa pakamwa mobiriwira.

Ndinamugwedeza, mutu lende. Ndinamutsegula chikope. Kadontho kakuda ka m'diso kachepa ngati bowo la singano. Kupuma kwake, amapuma kamodzi, ine n'kudikira, n'kudikira, kenako kena.

Ndinadziwa pomwepo. Zonse. Kugona masana kuja, kusanza kuja.

Ndinatsitsa botolo, mwana paphewa, kuthamangira kumsewu wopanda nsapato. Yunus wa kabaza anali pamthunzi pa msika, sanafunse za mtengo. Njira yonse ndikumutsina mwana pantchafu kuti alire. Osalira. Apongozi ndinawasiya akukuwa okha m'nyumba, chitseko chapululu.

Pa chipatala chathu chaching'onochi ndinangoonetsa botolo. Mwana anamulanda m'manja mwanga. Jekeseni, chopumira pamphuno. A Nesi Edith anawapeza pa foni, anauzana za mlingo. Ine panja, pa benchi. Dua zonse zopempha Mulungu zinandithawa m'mutu, ndinkangoti Ya Allah, Ya Allah. Dzuwa lisanalowe ndinamva kulira. Sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko.

Tinagona konko. Dzulo m'mawa anadya nthochi. Ndinamufunsa bwinobwino, osakalipa. Akuti ankangolawa kuseri kwa katani chifukwa ndi zotsekemera, zotsala n'kuwapatsa anganga. Lolemba anganga anali atatembenukira kukhoma, amalephera kucheuka, iye n'kuwaitana osatheka. Ndiye anamwa zonse. Anati: "Munati kapu ibwere yopanda kanthu, adadi."

Ndinatero. Ndine.

Lachinayi, 19 Juni, m'mawa

Yasmin ali kwa mayi Mariya, akusewera ndi adzukulu awo. Akhala komweko mpaka amayi ake abwere. Dzulo ndi dzana mayi Mariya sanapite ku mathandala, anakhala ndi apongozi. Lero sangathe, mwini usipa wawaopseza kuti apeza wina.

A Nesi Edith anabwera dzulo. Ndimayembekezera kukalipiridwa, mwina apolisi. Anangokhala pa mpando wa makasitomala. Anati: "Ndinakufunsani, a Latif. Koma inenso ndinamva yankho lanu n'kukhutira msanga." Kenako ananena mosabisa. Pakhale munthu wamkulu woika mankhwala m'kamwa mwa amayi ndi dzanja lake, apo ayi botolo alitenga. Sangasiye mofini m'nyumba yotuma mwana. Abweranso Loweruka kudzamva dzina la munthuyo.

Ndazungulira nyumba zonse za mbumba. Mbiri yafika kale paliponse. Akuti mankhwala a Abiti Sadik anatsala pang'ono kupha mdzukulu. Palibe mayi wofuna kukhudza kapuyo. Wina anati akadzafa atamwetsedwa ndi ine adzati ndawapha ndine. A mjomba atumiza uthenga kuti botololo ndikalitaye m'chimbudzi.

Popanda botolo ndamva kale momwe zimakhalira. Lolemba lija.

Naima sakudziwa chilichonse.

Teni koloko ikuyandikira. Ayamba kuluma nsalu.

Lachinayi lomwelo, masana

Ndalowa.

Ndinaima pa katani nthawi yaitali, jekeseni m'manja, kapu ndaisiya. Ndinati odi. Ndinalowa chafutambuyo, maso pansi, mpaka chidendene chinagunda mphasa. Fungo. Kazenera kotseka. Ndinagwada chammbali.

Achepa thupi. Mayi amene ankasenza thumba la chimanga kuchokera kumunda osapumira. Pansi pa bulangete ngati palibe munthu. Anakoka mpango kuphimba nkhope. Ndinaganiza kuti akuwa, andithamangitsa. Ndikanatuluka.

Kenako ndinamva mawu kunsi kwa mpango, otsika kwambiri. Anati: "Yasmin, uwauze bambo ako andikwezeko mutu."

Yasmin ali kwa mayi Mariya, kutsidya kwa msewu. Apongozi akudziwa.

Ndinalowetsa dzanja kunsi kwa khosi. Mutu wopepuka ngati chikho. Anakweza mpango pang'ono, pakamwa pokha. Ine maso kukhoma. Ndinati Yasmin, uwauze anganga ameze pang'onopang'ono. Anameza. Ndinawapatsa madzi. Anafunsa, kudzera kwa Yasmin yemweyo, ngati mwana wadzuka bwino. Ndinati wadzuka, wadya nthochi. Analira osatulutsa mawu, ndinamva ndi dzanja.

Ndinatsegula kazenera n'kutuluka. Patapita kanthawi, phee. Nyumba yonse phee. A thu koloko ndalowanso. Agona.

Thalauza lija sindinalimalize. Mwini wake abwera mawa.

Loweruka, 21 Juni

A Nesi anafunsa dzina. Ndinati Latif. Analemba. Botolo latsala.

A mjomba amva. Anafika dzulo titachoka ku Ijumaa, osakhala pansi. Pabwalo, mokweza, anthu akumva. Akuti ndanyoza mbumba yonse, choyamba kufuna kupha mwana, tsopano kuona apongozi ali gone. Akuti maliro akadzatha tidzakhala pansi, ndipo makina anga ndiyambe kuganiza kokawaika. Ndikanati chiyani? Mudzi ndi wawo.

Ndiye mawu anatuluka pa kazenera kaja. Sindimadziwa kuti akadali ndi mawu otero. Anati: "Achimwene, ululuwu mukundisenzera ndinu? Bwerani teni koloko mudzandimwetse, telala apume." A mjomba anayang'ana kazenera, anayang'ana ine. Anakwera njinga. Teni koloko ya lero sanabwere.

Za makinazo sizinathe, ndikudziwa.

Naima ndamuuza. Zonse, kuyambira kapu. Kenako anafunsa kuti Yasmin ali pati, ndimupatse foni amve mawu ake. Ndinathamanga nayo kwa mayi Mariya. Atalankhula ndi mwana anangondifunsa kuti amayi amwa? Ndinati amwa. Anati ndawamwetsa ndani. Ndinati ine. Anadula. Kaya ndi mkwiyo kaya ndi kulira.

Lachiwiri, 24 Juni

Mwana wamkazi. Opaleshoni dzulo m'mawa. Awa anaimba, akuti onse ali bwino, Naima akumva kuwawa pa bala koma wayamwitsa. Alhamdulillah. Awiri aakazi tsopano. Matewera ndisoka ndekha, zidutswa zilipo.

Ndinakawauza apongozi. Yasmin, uwauze anganga kuti kwabwera mlendo, wamkazi. Milomo inagwedezeka. Anafunsa kuti afika liti. Akuti mwina Lachisanu, akawatulutsa, lole ikapezeka.

Phala asiya. Madzi a pa supuni basi. Kumeza kukuvuta, a Nesi andionetsa kudonthezera mankhwala m'mbali mwa tsaya, pang'onopang'ono, mutu utapendekera. Ndinawafunsa panja kuti Lachisanu afika? Anati sanganame, sakudziwa. Anati: "Ena amadikira munthu. Ndaonapo."

Mpango sakuphimbanso kumaso, mphamvu yokokera palibe. Ine ndimayang'anabe kukhoma. Koma poika mankhwala m'tsaya munthu uyenera kuona pamene ukuika. Ndiye ndawaona. Mphuno ya Naima. Mphuno ya Yasmin.

Sanda ndadula. Ndaibisa pansi pa nsalu za mayunifomu.

Lachisanu, 27 Juni

Awatulutsa. Awa anaimba m'mawa ali pa depoti, akuti apeza lole, koma ikudikira kudzaza. Kenako foni yake yazima. Ku Ijumaa sindinapite, Mulungu andikhululukire, sindingachoke.

Mapazi a apongozi azizira chiyambire m'mawa. Mayi Mariya anawagwira, anandiyang'ana, sanapite ku mathandala. Atuma munthu kwa a mjomba ndi kwa a shehe. Mayi Mariyawo apita kukasambitsa Yasmin kuti abwere naye, aone anganga ake.

A teni koloko ndawadonthezera. Sakubuula. Kupuma kwake kuja kwa Yasmin kuseri kwa nkhokwe, kamodzi, n'kudikira. Ndawatembenuzira mphasa kuti ayang'ane ku Kibla, kumene timayang'ana poswali. Ndekha, sindinafunse munthu.

Ndakhala pakhonde, poti ndizitha kuona msewu ndi kumva m'nyumba. Mwera ukuutsa fumbi, chilichonse chikuoneka ngati lole. Yadutsa imodzi ya matumba a makala. Si iyo.

Thu koloko ili pafupi. Ndikoke mankhwala.

Akuitana. Ndaimitsa khutu. Sakuti Yasmin.

Akuti Latif. Akuti Latif, mwanangu, bwera ukhale pano.